Ndinapempherera Makina Kuti Afe

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abambo, ndi inu achinyamata mwabisala kumbuyoko, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Aleluya! Ayi, Ameni ameneyo ndi wa anthu amene sanadye m'mawa. Aleluya! Eya, tsopano ndamva.

Kwa alendo, ine ndine Nankhoma, wa ku Lifuwu konkuno. Ndimalima mpunga ku sikimu ya mthirira. Ambiri mumanditchula kuti amake Pilirani. Amene timakhala limodzi mukudziwa kuti pakamwa panga sipachedwa, ndipo sindine munthu wamantha. Njoka m'ngalande ndimapha ndekha. Koma chimene ndikufuna kukuuzani lero, ndikachikumbuka ndimachitabe mantha. Mundipirire.

Ndiyambire kwa bambo ake a Pilirani. Anali munthu wamphamvu, thumba la mpunga ankaliponya paphewa ngati pilo. Nthawi ija ya korona anayamba kutsokomola. Tinati ndi chimfine. Tinawafukiza masamba a bulugama, tinawaphikira mandimu ndi jinja. Kenako anayamba kubanika. Anthu anati, musapite nawo ku boma, kumeneko akawaika pa okosijeni.

Musandiyang'ane ngati ndikunama. Mukudziwa zimene tinkanena, ena mukunenabe. Tinkati woikidwa pa okosijeni sabwerako. Tinkati makina aja amayamwa mpweya wa munthu. Tinkati kabotolo ka madzi kamene kamabwata pamakinapo, ndi mpweya wa wodwalayo ukutuluka pang'onopang'ono mpaka kutha.

Ndiye tinakhala nawo pakhomo. Tinakhala nawo mpaka anasiya kumaliza mawu, akati anene dzina langa ankalekezera pakati. Apo m'pamene tinawanyamula. Kuchipatala anawaika timachubu m'mphuno. Kutacha bambowo anatisiya. Ine ndinali ndi pakati.

Pamaliro apongozi anga, mayi awo, anandigwira dzanja. Anati, "Waona? Mwana wanga analowa akupuma. Amumaliza ndi makina." Ndinavomera. Ndikanakana bwanji, poti ndinaona ndi maso anga? Mwana atabadwa, apongozi omwewo ndi amene anamutcha Pilirani.

Mwanayo anakula bwinobwino, wamakani ngati mayi ake. Mpaka dzinja lija, nthawi yowokera mpunga. Anayamba ndi kachifuwa. Thupi linatentha. Ndinati mwina malungo. Koma tsiku lina m'mawa ndikumuvula malaya kuti ndimupukute, ndinaona chinthu chimene ndinachionapo kale. Akakoka mpweya, pansi pa nthiti pankalowa m'kati, dzenje lenileni. Akupuma mofulumira, wefuwefu, ngati wathamanga, koma atangogona. Akatulutsa mpweya ankabuula pang'ono, mh, mh, mh.

Abale, mtima wanga unangoti myuu. Kupuma kumeneko ndinkakudziwa. Kunali kupuma kwa bambo ake.

Ndinamubereka, ndinakwera kabaza kupita kuchipatala chathu chaching'ono. Kumeneko sanachedwe nane, anamubaya jakisoni n'kunena kuti apite ku boma pa ambulansi. Apongozi anandipeza ndikukwera. Anabwera akuthamanga, matope a kumunda ali m'miyendo. Anagwira chitseko cha galimoto n'kundiyang'ana m'maso.

"Nankhoma, tamvera. Jakisoni ulole. Diripi ulole. Koma akangotulutsa timachubu tija, bereka mwana uthawe. Ndinaika mmodzi m'manda, wina sindiikanso."

Ndinati, "Amayi, musadandaule. Ndili moyo ine, timachubu sitimukhudza."

Titafika ku wodi ya ana anatilandira a nesi ena aafupi, a mpata m'mano, oyankhula mosazungulira. Anamupana Pilirani kachipangizo pachala, kamene kamaonetsa manambala. Anayang'ana manambalawo, nkhope inasintha. Anati, "Mayi, mwanayu ali ndi chibayo. Mpweya m'magazi mwake watsika kwambiri. Tikumuika pa okosijeni pompano."

Ndinatembenuka, ndipo ndinawaona makina aja. Ali pakona, ngati kafiriji kakang'ono, akung'ung'uza. Kabotolo kaja kakubwata. Chingwe chake chinagawika pawiri, mbali imodzi inapita kwa khanda limene linali pabedi loyandikana nafe, mbali inayo ikudikira mwana wanga.

Ndinakuwa. Wodi yonse inandimva. Ndinati, "Bambo ake munawapha ndi chimenechi, lero mukufuna mwana? Ayi! Ndipatseni mwana wanga ndizipita!" Ndinayala chitenje kuti ndimubereke.

A nesi aja sanakalipe. Anaima pakati pa ine ndi khomo n'kufunsa, "Mayi, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimalima mpunga. Zikukhudzana bwanji?"

"Ndiye kupeta mumakudziwa. Mundipatse kanthawi, mukamva muchite zimene mukufuna."

Anaika dzanja pachifuwa cha Pilirani. Anati m'menemu muli mapapo awiri. Mpweya ukalowa m'mphuno umatsika pakholingo, njira yake n'kugawika, n'kugawikanso, ngati ngalande za ku sikimu zimene zimayamba zazikulu n'kumachepa mpaka kufika pa puloti iliyonse. Kumapeto kwake kuli timatumba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tambirimbiri. Timitsempha ta magazi tinakuta timatumba timeneti. Pamenepo m'pamene magazi amatenga chimene akufuna mu mpweya, n'kusiya mpweya woipa kuti utuluke. Mtima n'kupopa magaziwo kupita kumutu, kumiyendo, thupi lonse.

Anati mpweya umene tikupumawu si wonse umene thupi limadya. Gawo lalikulu limalowa n'kutuluka chabe. Okosijeni, amene ali chakudya chenichenicho, ndi gawo lochepa. Munthu wabwinobwino zimamukwanira chifukwa timatumba take tonse ndi totseguka. "Koma mwana wanuyu timatumba tambiri tadzaza mafinya ndi madzi. Totseguka tatsala tochepa. N'chifukwa chake akupuma mothamanga chonchi, akufunafuna. Makina awa sayamwa kanthu. Amatenga mpweya womwewu wa m'chipinda muno n'kuupeta. Mankhusu amataya, mpunga wokhawokha n'kumupatsa mwana, kuti timatumba tochepato tikhute, pamene jakisoni akulimbana ndi matenda."

Anatenga timachubu tija n'kundigunditsa patsaya. Ndinamva kamphepo kozizira kakutuluka. Kakutuluka, osati kulowa.

Mukuganiza kuti ndinakhulupirira? Ine? Mumtima ndinati, awa ndi ophunzira, mawu sawasowa. Kamphepoko ndani akudziwa chimene anathiramo? Ndinamunyamula mwana kuti ndimuponye kumbuyo. Koma nditamunyamula mutu wake unangoti lende. Manja lende. Ndinadziwa kuti uyu ngakhale pageti sindifika naye.

Mayi wa khanda lija anandigwira chitenje. Anali Msilamu wa kunyanja cha ku Maganga, dzina lake Abiti Saidi, amuna awo ndi asodzi. Anati, "Achemwali, khalani pansi. Wangayu Zainabu anabwera ataderatu. Onani, lero wayamwa. Inshallah wanunso adzuka."

Ndinakhala pansi. Sindinalole chifukwa chomva, ndinalola chifukwa chosowa kolowera. Anamuika timachubu m'mphuno, anamata ndi pulasitala m'masaya. Ndinayang'ana kumbali. Mawu a apongozi ankalira m'khutu mwanga.

Patapita nthawi mwana anayamba kudekha. Kubuula kuja kunachepa. Kupuma kunayamba kuchedwerako. Anatseka maso. Munthu wanzeru akanati mwana wapeza mpumulo. Ine ndinati, basi, ayamba kumumaliza. Ndikayang'ana kabotolo kakubwata, ndinkaona moyo wa mwana wanga ukuthera m'madzimo. Thovu lililonse ndinkati uwo mpweya wake wapita. Kuchotsa timachubu ndinkaopa, a nesi anali pafupi. Kuthawa ndinkalephera.

Ndiye ndinachita chimene mkhristu amachita. Ndinagwada pambali pa bedi, ndinaika mutu pamatiresi. Ndinapemphera. Abale, mverani pemphero la mayi wa mumpingo uno. Ndinati, "Ambuye Yesu, Inu amene mulibe chokulakani, phani makina awa. Aonongeni. Apse, afe, asadzukenso." Ndinabwereza. Ndinabwerezanso. Sindinapempherepo ndi mtima wonse ngati tsiku limenelo.

Cha kumasana kunja kunada. Mvula inabwera ndi chimphepo chochokera kunyanja. Mphezi inang'anima, bingu linagunda mpaka mawindo ananjenjemera. Magetsi anathima. Makina aja analira, tiiii, ndipo kung'ung'uza kuja kunatha. Kabotolo kanasiya kubwata.

Mukudziwa chimene chinatuluka pakamwa panga? Ndinati, "Zikomo Yesu!" Mokweza. Ndinakwezanso manja.

Abiti Saidi anandiyang'ana ngati waona wamisala. Kenako anadzuka n'kukuwa, "A nesi! Ya Allah, a nesi, makina!" A nesi aja anali atatuluka kale chothamanga, akuitana munthu kuti abweretse silinda ya okosijeni.

Ine ndinakhala phee, ndikuyang'ana mwana wanga, kudikira kuti tsopano atsitsimuke. Poyamba sipanaoneke kanthu. Ndinati, mwaona.

Anayamba ndi Zainabu, poti anali wamng'ono. Milomo yake inayamba kuda, ngati mwana amene wadya jambula. Timanja tinayamba kuphiriphitha. Mayi ake anamunyamula, akumugwedeza, akutchula dzina la Mulungu m'chinenero chawo cha mapemphero. Apo m'pamene ndinakumbuka kuti chingwe chija chinali chogawika pawiri. Makina amene ndinkawatemberera sankapumitsa mwana wanga yekha.

Ndinatembenukira kwa Pilirani. Mayo ine! Dzenje lija pansi pa nthiti linali litabwerera, lakuya kuposa m'mawa. Mphuno zikutambasuka. Mutu ukugwedezeka ndi kupuma kulikonse. Anatsegula maso n'kundiyang'ana. Anagwira bulauzi yanga n'kumakoka. Anayasama kuti alire, koma mawu osatuluka. Amayi anzanga, mwana wolira asakuopseni. Oopsa ndi mwana amene akufuna kulira koma mpweya wolirira palibe.

Ndinamuuzira kumaso ndi pakamwa panga. Ndinamukupiza ndi chitenje. Ndinatsegula windo mvula n'kumalowa. Mphepo inali tho m'chipindamo, makatani akuuluka, koma mwana wanga akumira. Akumira pabedi pouma, ine mayi ake nditamugwira. Kachipangizo kapachala kaja kanali kadakalipo. Chingerezi sindichidziwa, koma manambala ndimawerenga. Ankatsika. Ndikaphethira, atsikanso.

Apa m'pamene ndinamva zimene a nesi anandiuza. Sindinazimve ndi makutu, ndinazimva ndi m'mimba. Mankhusu okhaokha. Mwana wanga akupuma mankhusu, ndipo amene ndapempha kuti lichero lithyoke ndine.

Walira mvula walira matope. Ndinagwa pansi pasimenti. Ndinakuwa, "Ambuye, ndabweza! Ndabweza mawu anga! Musandimvere, ndine chitsiru! Dzutsani makinawa! Ngati pakufunika mpweya tengani wanga!" Ndinakwawa mpaka pamakina aja, amene ndinkaopa ngakhale kuwayang'ana. Ndinawagwira, ndinawagwedeza, ndinawamenya ndi chikhatho. Anangoti zii.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. A nesi anandiuza pambuyo pake kuti inali yochepa. Kwa ine inali yaitali kuposa chaka chimene ndinalira mwamuna wanga.

Ndinamva chitsulo chikukhuluzika pakhonde. A nesi aja ndi bambo wina wa m'chipatalamo analowa akugubuduza chisilinda chachitali kufika paphewa panga. Chimenechi amasungiramo okosijeni wopetapeta kale, sichifuna magetsi. A nesi anati, "Mayi, chokani panjira!" Anazula chingwe pamakina, analumikiza kusilinda, anapotokola. Psiii!

Phokoso limenelo, abale. Kwaya yathu imaimba bwino, musakhumudwe, koma sinandikomerepo chonchija.

Tonse maso pamanambala. Anaima. Anaima ndithu ngati akuganiza. Kenako anakwera pang'ono. Anakweranso. Zainabu anatsokomola n'kulira, kulira kwenikweni. Mayi ake anati, "Alhamdulillah," n'kukhala pansi pomwepo. Pilirani dzanja lake linamasuka pabulauzi yanga. Ndinati wapita. Ndinaika tsaya pamphuno pake. Ayi, anali akupuma. Milomo inayamba kubwerera mtundu wake. Jenereta italira kunja ndipo makina n'kuyambanso kung'ung'uza, ine amene ndinkawatukwana ndinawapukuta madontho a mvula ndi chitenje changa.

Zitadekha sindinathe kusunga. Ndinapita kwa Abiti Saidi, ndinagwada. Ndinati, "Achemwali, ndine ndinazimitsa makina. Ndinapempherera kuti afe. Mwana wanu akanafa chifukwa cha ine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, misozi ili m'masaya. Kenako anaseka. Anati, "Inu achemwali, mwakula bwanji kuti muzimitse magetsi a boma lonse? Ndi mphezi ija. Dzukani apo. Mulungu anamva kuti mukufuna mwana akhale moyo. Zinazo anadziwa kuti ndi mantha akuyankhula."

Tsiku lotsatira ndinawafunsa a nesi za kabotolo kaja. Anati ndi madzi wamba, mpweya umadutsamo kuti usaumitse m'mphuno mwa mwana. Basi. Chinthu chimene mudzi wonse tinkanong'onezana, madzi a pampopi! Ndiye ndinalimba mtima, ndinafunsa funso limene linali pakhosi. Ndinawauza za bambo ake a Pilirani.

Anati, "Bambowo sindinawaone, ndiye sindinganame. Koma ambiri amafika kuno timatumba tija titadzaza pafupifupi tonse. Makina apete bwanji, ngati polowera mpunga palibe? Ndiye munthu amamwalira ali ndi timachubu m'mphuno, abale n'kupita kukalengeza kuti makina apha. Amene achira amangonyamula katundu wawo n'kumapita, sauza munthu."

Amene achira sauza munthu. N'chifukwa chake ndaima pano lero.

Masiku anapita, jakisoni anagwira ntchito yake. Anayamba kumuchotsa timachubu kwa kanthawi n'kumaona manambala. Tsiku lina anamuchotseratu, manambala osatsika. Anatitulutsa.

Chimene ndinkaopa tsopano chinali kunyumba. Tinapeza apongozi atakhala pakhonde. Anamulandira mdzukulu wawo, anamuika pamiyendo. Akumusisita kumaso, chala chawo chinaima patsaya, pamene pulasitala anasiya chizindikiro. Anayang'ana tsaya linalo. Anandiyang'ana ine.

"Anamuika?"

"Anamuika, amayi."

"Iwe uli pomwepo?"

"Ndili pomwepo. Ndipo makina atazima ndinamuona akupita. Atayaka ndinamuona akubwerera."

Anaika chikhatho pachifuwa cha mwana, chikukwera n'kutsika, chikukwera n'kutsika. Anafunsa motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Nanga wanga uja?"

Abale, pakamwa panga sipachedwa, koma apa panachedwa. Ndikanatha kunama. Zikanawapepukira kuti adzapite kumanda akudana ndi makina. Koma m'mudzi mwathu muli ana ena, ndipo mawu a gogo amamveka kuposa a nesi.

Ndinati, "Amayi, sanaphedwe. Tinachedwa naye. Ine ndi inu, tinkamubisa kwa chinthu chimene chikanamuthandiza."

Sanakuwe. Anaweramira pamutu pa Pilirani n'kumalira mwakachetechete. Ine ndinakhala pansi pambali pawo, ndinalira nawo. Maliro aja tinawalira kachiwiri tsiku limenelo, ndipo achiwiriwa anawawa kuposa oyamba.

Lero apongozi anga ali muno, awo akhala apowo avala duku loyera. Ndi iwo amene anandiuza kuti, kanene kutchalitchi, usasiyeko kanthu. Mwezi wathawu mwana wa aneba athu atayamba kulowetsa nthiti, ndi iwo amene anakaitana kabaza mayi ake akadali kuganiza.

Ine ndikulimabe mpunga. Ndikatenga lichero kuti ndipete, ndimakumbuka. Mantha sanathere, ndisaname. Pilirani akangotsokomola ndimamuvula malaya n'kumayang'ana pansi pa nthiti, mpaka iye amati, "Amayi, mwayambanso." Abiti Saidi timaonana, akabwera ku Lifuwu kudzagulitsa usipa amafikira kwanga, ndipo Zainabu akuyenda. Pilirani ndi uyo akukankhana ndi anzake pamphasa. Amene muli ndi mapuloti pafupi ndi yanga mukumudziwa. Akati akuwe kuingitsa mbalame, zimathawa mpaka za m'munda mwa eni ake. Ena mumadandaula kuti mwanayu ndi waphokoso. Dandaulani. Ine ndinamuona atayasama mawu osatuluka.

Ndiye amayi anzanga, abambo, mwana akayamba kupuma mothamanga, nthiti zikulowa, musamufukize, musadikire kuti kuche. Thamangani naye timatumba tisanadzaze. Akatulutsa timachubu, musabereke mwana. Khalani pansi.

Ndikuthokoza a nesi aja amene anaima pakhomo. Ndikuthokoza mlongo wanga wa ku mzikiti amene anandigwira chitenje. Ndipo ndikuthokoza Mulungu. Ambiri mumaima pano kuthokoza kuti anakuyankhani. Ine ndikuthokoza kuti anandiyankha kanthawi kochepa chabe, kongokwanira kuti ndione, kenako anandikaniza. Akanandimvera mpaka madzulo, bwenzi lero ndili ndi manda awiri, ndipo Abiti Saidi ali ndi ake.

Ameni.